Koyamba ndinakana jakisoni, kachiwiri ndinavomera: nkhani ya Phulusa ndi mano ake

Ngati dokotala wa ziweto wakuuzani kuti kalulu wanu ali ndi mano oipa ndipo ndi bwino kungomubaya jakisoni wothetsa moyo wake, musanayankhe funsani kuti ndi mano ati, nanga mizu yake aiona? Ine mawu amenewa ndinauzidwa kawiri pa kalulu mmodzi yemweyo. Koyamba ndinakana, ndipo anakhala nafe zaka zina zoposa zitatu akudya ndi kudumpha. Kachiwiri ndinavomera. Ndikufuna ndifotokoze chimene chinasiyanitsa maulendo awiriwa, chifukwa pa nthawiyo ndinasowa wondiuza.

Phulusa anali kalulu wamwamuna wotuwa, wa mtundu uja wa lop wa makutu olendewera, mutu wobulungira, nkhope yaifupi. Ankakhala m'nyumba pamodzi ndi mnzake wamkazi, Duwa. Atakwanitsa zaka ziwiri kadyedwe kake kanasintha. Ankathamangira chakudya ngati kale, n'kutola, koma kenako chinkagwa pansi. Udzu wouma anasiya kuukhudza, ankangofuna zofewa. Ubweya wa pachibwano ndi pachifuwa unkakhala wonyowa ndi dovu. Poti chilakolako cha chakudya anali nacho, ndinkaganiza kuti wangoyamba kusankha. Tsiku lina akuyasamula ndi pamene ndinaona. Mano awiri apansi anali atatulukira kutsogolo, apamwamba atapindikira m'kati mwa kamwa.

Ndikanakonda ndikanadziwa kale mmene m'kamwa mwa kalulu mulili. Ali ndi mano 28. Akutsogolo alipo 6: awiri pansi, awiri aakulu pamwamba, ndi tiwiri tating'ono tobisala kuseri kwa aakuluwo. Otsala 22 ali kumbuyo, ndiwo otafunira, ndipo kunyumba simungawaone chifukwa pakamwa pake ndi popapatiza ndipo masaya amawaphimba. Onsewa amakula moyo wake wonse, akutsogolo pafupifupi mamilimita 2 pa sabata. Chimene chimawafupikitsa ndi kukhulana okhaokha pamene kalulu akuduladula ndi kupera udzu, nsagwada ikuyenda cham'mbali. Akangosemphana pang'ono kukhulanako kumatha, koma kukula sikuima. Akalulu a nkhope yaifupi, monga Netherland Dwarf ndi ena a lop, kusemphanaku ambiri amabadwa nako. Ena kumawayamba atagwa kapena chifukwa choluma mawaya a khola.

Kuchipatala cha ziweto kumene ndinayamba kupita anamukulunga m'thaulo n'kudula manowo ndi chida chonga chowengera zikhadabo za agalu, iye ali maso. Sizinatenge nthawi, ndalama yake inali yochepa, ndipo madzulo ake anadya. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Patangopita mwezi mano anali atafika pomwe paja. Tinadulitsanso, kenako tinadulitsanso. Ulendo wina dzino linalira mosiyana ndi masiku onse, Phulusa n'kunjenjemera thupi lonse, ndipo pa thaulo panali magazi. Dzinolo linali litang'aluka cham'litali mpaka kulowa pansi pa nkhama.

Musalole kuti mano a kalulu wanu adulidwe ndi chowengera, ndipo inunso musayese kunyumba ngakhale mutaona ena akuchita pa intaneti. Kudula kotere kumaphwanya dzino, kumagwedeza muzu, ndipo mng'alu umakhala khomo la tizilombo toyambitsa mafinya. Njira yoyenera ndi kachipangizo kamagetsi kozungulira, konga ka madokotala a mano a anthu, kamene kamadula bwinobwino osaphwanya.

Tsiku la magazi lomwelo adokotala anandiitanira pambali. "Mayi, apa tikungomuvutitsa. Mano awa sadzasiya kukula, ndipo inu muzingobwera mwezi ndi mwezi. Kuli bwino timubaye jakisoni apume." Sindiwasungira chakukhosi. Odwala awo ambiri anali agalu ndi amphaka, ndipo ananena chimene iwo ankaona kuti ndi chifundo. Koma mano akumbuyo sanawayang'ane, ndipo X-ray sanajambule.

Ndinapempha kuti ndikaganize kaye. Usiku umenewo ndinakhala pansi pafupi ndi khola, misozi ili m'maso, ndikuyesa kuvomereza. Ndiye ndikuona Phulusa, ndi dzino lake long'alukalo, akuthamangitsa Duwa kuti amulande tsamba. Analilanda, linamukanika kuluma, koma analilanda ndithu. Amuna anga anayang'ana n'kunena kuti, "Tifunse kwina kaye. Jakisoniyo sathawa."

Kupeza dokotala wodziwa akalulu kunanditengera nthawi, ndipo nthawi yonseyo Phulusa ankaonda. Njira imene inandithandiza ndi kuimba foni kaye ndisanapite. Ndinkafunsa ngati amakonza mano a akalulu kawirikawiri, ngati ali ndi X-ray, ndiponso ngati kalulu ayenera kusala kudya asanachitidwe opaleshoni. Funso lachitatuli ndi sefa yabwino. Galu amasala kudya kuopa kusanza, koma kalulu sasanza, ndipo matumbo ake safuna kukhala opanda kanthu. Amene wakuuzani kuti mumumane chakudya usiku wonse, akalulu sawadziwa.

Adokotala amene ndinawapeza anali mayi wachikulire wosapupuluma. Anamuyeza kulemera, anapapasa nsagwada ndi zala kuyambira kuchibwano mpaka kukhutu, kenako analowetsa kanyali m'kamwa. Anandiuza kuti kalulu ali maso munthu amangoona mbali yochepa ya mano akumbuyo, ndipo mizu saiona n'komwe. Choncho anamugonetsa pang'ono n'kujambula mutu. Pa chithunzi anandisonyeza mizu ya mano akumbuyo ili m'malo mwake, fupa lili losalala. Panali timinga tating'ono pa mano apansi tokanda lilime, basi. "Vuto la kalulu wanu ndi mano 6 akutsogolowa, mayi. Tiwazule onse. Timingati tipala pa nthawi yomweyo."

Ndinadabwa. Kalulu wopanda mano akutsogolo adya bwanji? Anandifotokozera kuti akutsogolo ntchito yawo ndi kudula, ndipo yopera ndi ya akumbuyo. Milomo ya kalulu ndi yochenjera, imatha kutola ndi kukokera chakudya m'kati. Mano okhota aja sankamuthandiza kanthu, ankangotsekereza njira.

Za kuopsa kwa mankhwala ogonetsa sanandibisire. Kafukufuku wamkulu amene David Brodbelt ndi anzake anachita ku Britain, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti kalulu mmodzi pa 72 aliwonse ankafa pa nthawi yogonetsedwa kapena m'maola 48 otsatira, pamene kwa agalu anali mmodzi pa 601. Koma chimene chinandigwira mtima ndi kugawika kwa chiwerengerocho: mwa akalulu athanzi ankafa mmodzi pa 137, mwa odwala kale mmodzi pa 14. Ndiye kuti kuzengereza chifukwa choopa opaleshoni ndi kumene kumaichititsa kukhala yoopsa. Kalulu akamaonda akudikira, akusamuka m'gulu loyamba kupita lachiwiri.

Opaleshoni, X-ray ndi mankhwala zinadya pafupifupi theka la malipiro anga a mwezi, ndipo ndinapempha kulipira pang'onopang'ono. Zinapweteka m'thumba. Komabe nditawerengera ndalama yodulitsa mano masabata 4 kapena 6 aliwonse kwa zaka, pamodzi ndi mayendedwe ndi mantha a kalulu pa ulendo uliwonse, kuzula kunali kotsika mtengo. Ngati kwanuko kuli inshuwalansi ya ziweto, werengani mawu ake mosamala, chifukwa zambiri sizilipira matenda amene analipo kale musanalembetse.

Masiku oyamba atatuluka anali ovuta. Sankafuna kudya, nkhope inali yotupa. Ndinkamumwetsa meloxicam wa ululu, n'kumudyetsa ndi sirinji yopanda singano phala lapadera la nyama zodya udzu, lija la Critical Care, pang'onopang'ono cham'mbali mwa kamwa, usana ndi usiku. Musamugoneke chagada pomudyetsa, angatsamwe. Akhale ndi miyendo yonse pansi, ndipo muzidikira ameze. Adokotala anandiuza kuti ndiziyang'ana ndowe kuposa china chilichonse. Timibulu tikachepa, tikakhala tating'ono touma, kapena tikasowa, matumbo ayamba kuima. Kalulu amene watha maola 12 osadya kapena osachita chimbudzi si wodikira naye mpaka mawa, ndi wothamanga naye nthawi yomweyo. Sabata isanathe ndinamupeza akukoka tsamba ndi milomo, n'kulilowetsa lonse ngati palibe chinachitika. Ndinalira ndi chimwemwe.

Pali zina zimene kalulu wopanda mano akutsogolo amafuna kwa mwini wake. Masamba olimba ndi zina zonse zolimba muzimudulira tizidutswa. Udzu wautali ankautha, koma poyamba ndinkaudula ndi sizasi. Kudzikonza ubweya kumamuvuta, choncho ndinkamupesa, makamaka nthawi yothothoka. Komanso ndinkayang'ana kumbuyo kwake tsiku ndi tsiku, chifukwa kalulu amatulutsa ndowe zina zofewa zimene amadyanso, ndipo zikamatirira pa ubweya ntchentche zimaikira mazira, mphutsi n'kumulowa m'thupi mofulumira kwambiri. Patapita miyezi, kadzino kamodzi mwa tating'ono tija kanameranso. Zimachitika ngati kachidutswa ka muzu katsalira. Anamugonetsanso n'kukachotsa, ndipo ndalama inatulukanso.

Chakudya ndinachisintha kotheratu. Ndinkawapatsa chosakaniza chija cha m'mapaketi chokhala ndi njere zophwanya ndi tizidutswa ta mitundu yowala. Akalulu amatolamo zotsekemera n'kusiya zothandiza, ndipo akakhuta udzu saufuna. Ofufuza a ku yunivesite ya Edinburgh anasonyeza cha m'ma 2013 kuti chakudya chotere chimagwirizana ndi mavuto a mano ndi a m'mimba. Udzu, wouma kapena wauwisi, uyenera kukhala gawo lalikulu la zimene kalulu amadya, pafupifupi 80 kapena 85 pa 100, kenako masamba, ndi timibulu ta chakudya cha akalulu ta mtundu umodzi tochepa chabe. Udzu sungawongole mano amene anabadwa okhota. Ntchito yake ndi kuteteza akumbuyo aja 22.

Zaka zotsatira zinali zabwino, ndipo ndikufuna zimveke bwino kwa amene akuganiza zomubayitsa kalulu chifukwa cha mano akutsogolo okha. Phulusa ananenepa, ankadumpha m'mwamba n'kudzipotokola mmene amachitira akalulu akasangalala, ankadzigwetsa chammbali pafupi ndi Duwa n'kugona tulo tofa nato. Pa chaka ankapita kangapo kukapalidwa timinga ta kumbuyo, n'kubwerako madzulo akudya. Ndinagula sikelo yaing'ono n'kumamuyeza sabata iliyonse, kulemba m'kope. Kalulu ndi nyama imene kutchire imadyedwa ndi zinzake, ndiye amabisa kudwala mpaka atalephereratu. Ubweya umabisanso kuonda. Sikelo ndi imene sinamizidwa.

Ali ndi zaka zisanu diso lakumanja linayamba kutuluka misozi yoyera ngati yamkaka, ubweya wa pansi pa diso n'kuyamba kuthothoka. Ndinkayesa ndi vuto la diso. Adokotala anagwira dzanja langa n'kuliyendetsa pansi pa nsagwada yake. Ndinamva timabampu tolimba m'mphepete mwa fupa. X-ray yatsopano inali yosiyana kwambiri ndi yoyamba ija. Mizu ya mano akumbuyo inali itatalika kulowera m'fupa. Yapansi inali ikuboola nsagwada, yapamwamba ikukwera kuloza ku diso n'kufinya kanjira kamene misozi imadutsa kupita m'mphuno. Dokotala wa ziweto wa ku Britain, Frances Harcourt-Brown, ndiye anafotokoza bwino matendawa, kuti amapita patsogolo pang'onopang'ono, fupa logwira mano likufooka. Dzino likatalika kunja mutha kupala. Muzu ukatalika m'kati, palibe woubweza.

Sipanatenge nthawi chithupsa chinatuluka pansi pa nsagwada. Apa napo pali chimene ambiri sadziwa. Mafinya a kalulu ndi olimba ngati mankhwala otsukira mano, sayenda. Kungoboola n'kufinya sikuthandiza, ndipo mankhwala opha tizilombo paokha salowa bwino m'kati mwa chikwama chimene chimakuta mafinyawo. Adokotala anachita opaleshoni yochotsa chikwamacho pamodzi ndi dzino lovunda, n'kusiya bala lotsegula kuti lipole kuchokera m'kati. Ntchito yanga inali kulitsuka m'mawa ndi madzulo. Anandiphunzitsanso kumubaya penicillin pansi pa khungu, n'kundichenjeza mwamphamvu: penicillin ndi amoxicillin zakumwa zimapha tizilombo tabwino ta m'matumbo a kalulu, ndipo iye angafe nazo. Dontho likagwera pa ubweya ndinkapukuta msanga kuti iye kapena Duwa asanyambite. Musamupatse kalulu mankhwala otsala a galu, a mphaka kapena anu.

Ulendo umenewu ndalama inaposa ya poyamba, ndipo tinasiya zina zimene tinakonza pakhomo. Kutopa nakonso kunali kwakukulu. Kudzuka usiku, kupita kuntchito maso ali ofiira, kubwerako n'kuyamba kutsuka bala la nyama imene ikuphiriphitha m'manja. Koma bala linapola, ndipo tinapeza miyezi ingapo yabwino. Sindidandaula kuti tinachita opaleshoni imeneyo. Pakati pa mankhwala ankadya yekha, ankabwera kudzandigunda ndi mphuno kuti ndimusisite, ndipo kulemera kwake kunabwerera.

Kenako diso lija linayamba kutuzuka. Kunali chithupsa china, kuseri kwa diso, chochokera ku mizu ya mano apamwamba. X-ray inasonyeza kuti fupa ladyeka mbali zonse ziwiri za nsagwada. Adokotala anandiyalira njira zonse popanda kundikankhira kulikonse. Tikanatha kuchotsa diso, kuzula mano angapo apamwamba ndi kupala fupa, mwinanso titayamba tapita kuchipatala chachikulu kukajambulitsa CT, chithunzi choonetsa za m'kati mwatsatanetsatane kuposa X-ray. Anati zitha kumuonjezera nthawi, koma mafinya ali m'fupa malo ambiri ndipo kubwereranso n'kosapeweka. Tikanathanso kungomupatsa mankhwala a ululu ndi kumudyetsa, n'kuona mmene zikhalire. Kapena kumulola apite.

Ndinasankha njira yachiwiri kaye, chifukwa mtima sunali wokonzeka. Pa meloxicam anaonjezera buprenorphine, mankhwala ena amphamvu a ululu. Nthawi imeneyi ndi imene ndinaphunzira kuwerenga nkhope ya kalulu. Ofufuza a ku yunivesite ya Newcastle anatulutsa mu 2012 ndondomeko yozindikirira ululu pa nkhope yake: maso otsinzina pang'ono, masaya ophwa, mphuno yosongoka kunsi, ndevu zouma zosakhala mwa nthawi zonse, makutu ogonera kumbuyo. Kwa wa makutu olendewera ngati Phulusa makutu sakuuzani zambiri, ndiye ndinkadalira maso ndi masaya. Palinso kukukuta mano. Kalulu wosangalala amagundanitsa mano mofewa mukamamusisita. Wa ululu amakukuta mokweza, atakhala chinjonjo pakona, osasuntha.

Ndinatenga kalendala n'kuyamba kuika chizindikiro madzulo aliwonse. Dokotala wa ziweto wa ku America, Alice Villalobos, anakonza mafunso oyezera ngati moyo wa chiweto chodwala udakali wokoma kwa icho, ndipo lomaliza lake ndi lakuti masiku abwino akuchuluka kuposa oipa kapena ayi. Ine ndinadzipangira anga osavuta. Kodi lero wadya yekha kanthu kalikonse? Wasamba kumaso? Wapita yekha kwa Duwa? Watuluka m'kabokosi kake popanda kumutulutsa? Kalendala inandithandiza chifukwa mtima umanama. Akangodya tsamba limodzi ndinkaiwala sabata yonse yoipa n'kuyamba kuuza aliyense kuti akuchira. Pa pepala zinkaoneka poyera kuti masiku abwino akutalikirana.

Chimene chinandithyola si diso kapena sikelo. Phulusa anayamba kundithawa. Akamva mapazi anga ankalowa pansi pa mpando, chifukwa manja anga tsopano ankatanthauza sirinji, jakisoni ndi thaulo. Ndikamudyetsa phala linkangotsika m'mbali mwa kamwa, osameza. Mankhwala akagwira ankangosinza, akatha mphamvu ankakukuta mano. Panalibenso nthawi ya pakati imene anali kalulu wamba.

Mwana wanga wamkazi ndiye anandifunsa funso lenileni. "Amayi, paja koyamba munakana ndipo anachira. Bwanji panopa mukufuna kuvomera?" Ndinakhala naye pansi n'kumusonyeza zithunzi ziwiri za X-ray zija pa foni. Ndinati, mwanangu, koyamba kuja vuto linali kunja, pa mano amene tikanatha kuchotsa, ndipo titachotsa linathadi. Iye ankafuna kudya, mano ndi amene ankamuletsa. Panopa vuto lili m'fupa, ndipo ngakhale tichotse chiyani litsalabe. Kale ankavutika masiku ochepa kuti apeze miyezi yabwino. Tsopano avutika miyezi kuti mwina apeze masiku ochepa. Analira, inenso ndinalira, koma anamva.

Za ndalama ndinene zoona, chifukwa ambiri amachita nazo manyazi. Opaleshoni yachitatuyo ndikanaikwanitsa ndi ngongole basi, ndipo zimenezi zinali m'mutu mwanga. Kuti ndisiyanitse mantha a ngongole ndi ubwino wa Phulusa, ndinadzifunsa kuti ikanakhala yaulere ndikanavomera kodi. Yankho linali ayi, ndipo mtima unakhala pansi. Kwa ena yankho lidzakhala inde, koma ndalamayo palibe. Ngati ndi choncho, auzeni adokotala mosabisa. Nthawi zina pali njira yotsikirako mtengo, kapena bungwe losamalira akalulu limene lingamutenge. Zikakanika zonse, jakisoni wa dokotala ndi wachifundo kuposa kumusiya kalulu afe ndi njala chakudya chili patsogolo pake, kapena kukamutaya kutchire kumene kalulu wowetedwa sangakhalitse.

Ndinapita kwa adokotala ndi kalendala yanga. "Adokotala, akanakhala wanu mukanatani?" Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Ndikanamulola apite, mayi. Sabata yomwe ino, matumbo asanaime, kuti asapite ali pa ululu woopsa pakati pa usiku." Funso limeneli musaope kulifunsa. Dokotala wabwino amayankha.

Ndifotokoze mmene zimachitikira, chifukwa kusadziwa kunandiopsa kuposa chinthu chenichenicho. Ndinapempha nthawi imene kuchipatala kulibe agalu ambiri, ndipo ndinalipiriratu kuti ndisadzaime pa kauntala ndikulira. Ndinatenga bulangeti lake, ndi Duwa yemwe m'bokosi limodzi. Poyamba anamubaya jakisoni womugonetsa, ndipo patapita mphindi zochepa thupi lonse linafewa ali pamiyendo panga. Ichi muchipemphe ngati sanakuuzeni okha, kuti asagwidwe mwamphamvu ali maso. Atagona anameta pang'ono m'mphepete mwa khutu, pamene pali mtsempha, n'kulowetsa mankhwala otchedwa pentobarbital. Amaimitsa ubongo kaye, kenako kupuma ndi mtima, ndipo sizitenga nthawi. Adokotala anamvetsera pachifuwa n'kundiuza kuti wapita. Maso satseka, ndipo nthawi zina thupi limagwedezeka pang'ono kapena kukoka mpweya kamodzi. Anali atandichenjeza kale kuti zimenezo si ululu, iye sakumvanso kanthu. Ngati mupita ndi mwana, muuzeniretu zimenezi.

Tinamuika pansi pa bulangeti n'kutulutsa Duwa. Anamununkhiza, anamunyambita kumaso, anamugunda ndi mphuno, kenako anachoka n'kukakhala pambali. Odziwa akalulu amalangiza zimenezi kuti wotsalayo asamangofunafuna mnzake m'nyumba monse. Tinamupatsa nthawi, sitinamufulumize.

Masabata otsatira chisoni chinkabwera ndi mafunso. Tsiku lina ndinkadziuza kuti ndinafulumira, mawa lake kuti ndinachedwa. Ndikafika pamenepo ndinkatsegula kalendala ija n'kuwerenga zimene ndinalemba ndi dzanja langa. Anthu ena ankati ndi kalulu chabe, mugule wina. Ndinasiya kuwafotokozera, ndinkangolankhula ndi amene akumva.

Duwa anachepetsa kudya. Aliyense pakhomo ankati ndi chisoni, ndipo mwina chinalipodi. Koma sikelo inatsika masabata awiri otsatizana, ndiye ndinapita naye kwa adokotala omwe aja. Atamugonetsa pang'ono anapeza kaminga pa dzino lapansi lakumanzere, katayamba kale kucheka lilime. Anakapala tsiku lomwelo, anajambula X-ray n'kupeza mizu ili bwino, ndipo madzulo ake Duwa anali pa udzu. Tinapangana kuti azikaonedwa m'kamwa miyezi 6 iliyonse, ndipo kulemera kwake kutabwerera tinayamba kumufunira mnzake.